Kodi wochiza maganizo amamuvomereza ndani?

Mmisiri womanga nyumba akalakwitsa, khoma limang'aluka ndipo mudzi wonse umaona. Dalaivala wa chapa akakhala wosadziwa ntchito, okwera amazindikira asanafike n'komwe pa mlatho woyamba. Koma pali ntchito ina imene imachitikira m'chipinda chotseka, anthu awiri okha atakhala moyang'anana, wina akulankhula, wina akumvetsera. Imeneyi ndi ntchito ya katswiri wa za maganizo, amene pa Chipwitikizi amatchedwa psicólogo. Iyeyu akalakwitsa palibe khoma limene limagwa. Wodwala amangotuluka mwakachetechete osabweranso, ndipo nthawi zina abale amadzamva mochedwa kuti munthu uja wadzimangirira.

N'chifukwa chake nkhani ya sabata ino ili pa sukulu zimene zimaphunzitsa akatswiri amenewa. Kodi sukuluzo zimayesedwa ndi yani? Ndipo popeza mliri wa Covid-19 udasokoneza maphunziro kwa miyezi yambiri, kodi malamulo amene adafewetsedwa pa nthawi ya mavuto ija ayenera kubwerera onse m'malo mwake, kapena ena akhale momwemo?

ODWALA NDI AMBIRI, OCHIZA NDI OCHEPA

Anthu a m'chigawo cha Tete sachita kuuzidwa za mabala a mumtima. Nkhondo idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni amene adathawira ku Malawi adayamba kubwerera, ambiri mwa iwo a ku Angónia, Tsangano, Moatize ndi Mutarara. Adabwera ndi mitolo pamutu, komanso ndi zinthu zimene adaona zosasimbika. Mu Marichi 2019 namondwe Idai adaphwasula mzinda wa Beira, ndipo m'mwezi womwewo mtsinje wa Revúbuè udasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Tete. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mlatho wa pa mtsinje womwewo, pakati pa Tete ndi Moatize. Ku Cabo Delgado anthu adayamba kuthawa m'midzi yawo mu 2017.

Pamwamba pa zonsezi pali mavuto a tsiku ndi tsiku: mnyamata wogonja ndi kachasu kapena chamba, nkhanza za m'banja, mwana wogwiriridwa, mayi wosokonezeka maganizo atangochira, munthu wa khunyu amene abale amamubisa m'nyumba poopa manyazi.

Mu 2014 zipatala za boma m'dziko lonse la Moçambique zidali ndi madokotala a matenda a misala 10, a psicólogo 109 ndi a técnico de psiquiatria 241, pomwe anthu adali oposa 25 miliyoni. A técnico amenewa ndiwo akhala akusenza mtolo waukulu m'madisitirito kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Chiwerengero cha ogwira ntchito chakwera kuchokera nthawi imeneyo, koma anthunso achuluka. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wa ku Chifunde kapena ku Marávia akapeza psicólogo mmodzi pa chipatala, wapeza yekhayo. Alibe kwina kokafunsa ngati malangizo amene wapatsidwa ndi oona. Wochizayo akakhala wosaphunzitsidwa bwino, disitirito lonse limavutika naye.

CHIVOMEREZO N'CHIYANI?

Makolo ambiri amaganiza kuti sukulu ikakhala ndi chikwangwani pamsewu ndiponso ikamalandira propina mwezi ndi mwezi, ndiye kuti zonse zili bwino. Koma pali mapepala awiri osiyana. Loyamba ndi chilolezo chotsegulira sukulu, chimene chimatchedwa alvará. Lachiwiri ndi chivomerezo cha maphunziro enieniwo, chimene chimatchedwa acreditação. Loyamba limanena kuti sukulu ili ndi ufulu wogwira ntchito. Lachiwiri limanena kuti anthu odziwa, ochokera kunja kwa sukuluyo, adabwera, adayang'ana, nakhutira kuti zimene zikuphunzitsidwa pamenepo n'zokwanira.

M'dziko muno ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la CNAQ, Conselho Nacional de Avaliação da Qualidade do Ensino Superior, limene lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2007. Njira yake ili ndi masitepe atatu. Poyamba sukulu imadziyesa yokha n'kulemba lipoti. Kenaka kumabwera gulu la oyendera, aphunzitsi ndi akatswiri ochokera kwina, kudzaona ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene zilipo. Pomaliza bungwe limagamula: kuvomereza, kuvomereza koma ndi zoti zikonzedwe, kapena kukana. Oyenderawo amayang'ana ndondomeko ya maphunziro, chiwerengero cha aphunzitsi ndi maphunziro awo, mabuku, zipinda, kafukufuku ndi kayendetsedwe ka sukulu. Chivomerezocho chimatha pakapita zaka zowerengeka, ndipo sukulu imayenera kuyesedwanso.

Tsono mu 2020 kudagwa zimene malamulowa sadayembekezere. Wodwala woyamba wa Covid-19 m'dziko muno adalengezedwa pa 22 Marichi, sukulu zonse zidatsekedwa kuyambira pa 23 Marichi, ndipo pa 1 Epulo lamulo la estado de emergência, limene adalengeza Pulezidenti Filipe Nyusi, lidayamba kugwira ntchito. Mayunivesite adayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Ogasiti. M'miyezi imeneyo maphunziro ankayenda pa foni ndi pa kompyuta. Wophunzira wokhala ndi magetsi ndi ndalama za megas ankamva mphunzitsi. Wakumudzi ankakwera pachulu kufunafuna netiweki, n'kulandira timapepala pa WhatsApp. Kwa ophunzira za maganizo vuto lidakula kwambiri pa estágio, nthawi ija yoyeserera ntchito pa chipatala, chifukwa chipatala ndicho chidali malo oopsa kuposa onse.

ZIMENE ADACHITA KU AMERICA

Vutoli lidali la dziko lonse lapansi, ndipo dziko limene nkhani yake idalembedwa momveka bwino ndi la America. Kumeneko kuli bungwe la akatswiri a za maganizo lotchedwa American Psychological Association, limene lidayamba mu 1892. Ntchito yake yovomereza masukulu idabadwanso chifukwa cha mavuto. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali ambiri adabwerera kwawo ali osokonezeka maganizo, ndipo boma lidafuna kudziwa sukulu zimene zingatulutse ochiza odalirika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 bungweli lidayamba kuyendera masukulu ndi kulemba mndandanda wa ovomerezeka.

Malamulo amene adayamba kugwira ntchito mu 2017 ndi olimba ndithu. Wofuna kukhala wochiza maganizo ayenera kuphunzira zaka zosachepera 3 atatenga kale digiri yoyamba, ndipo mwa zaka zimenezo chaka chimodzi chathunthu akhale pa sukulupo, akuonana ndi aphunzitsi maso ndi maso. Akatero amakagwira ntchito yoyeserera kwa chaka china chathunthu. M'chaka chimenecho sabata iliyonse ayenera kulandira malangizo kwa maola osachepera 4, ndipo maola 2 mwa amenewo akhale awiriwiri ndi katswiri wokhala ndi chilolezo cha ntchito. Woyang'anirayo saloledwa kulemba kuti wophunzira wakhoza pongomva zimene wophunzirayo akusimba. Ayenera kumuona akugwira ntchito ndi wodwala, kaya ali m'chipinda momwemo, kaya kuseri kwa galasi, kaya pa chithunzi chojambulidwa. Kulangiza kwa patali, pa foni kapena pa kompyuta, kunkaloledwa mpaka theka la maolawo basi. Sukulu yophunzitsa zonse kapena pafupifupi zonse pa intaneti sinkatha kulandira chivomerezo.

Pa 31 Januwale 2020 boma la America lidalengeza kuti m'dzikomo muli ngozi ya zaumoyo, ndipo pofika mu Marichi masukulu ndi zipatala zambiri zidatumiza ophunzira kunyumba. Bungwe lija lidaona kuti likaumirira pa malamulo onse, gulu lonse la ophunzira lilephera kumaliza, pa nthawi imene anthu ankafuna ochiza maganizo kuposa kale. Choncho lidafewetsa. Malire a theka aja adayamba aikidwa pambali. Ophunzira adaloledwa kuthandiza odwala pa foni ndi pa kompyuta ali kunyumba. Oyendera nawonso ankayendera masukulu pa kompyuta, kucheza ndi aphunzitsi ndi ophunzira ali kutali.

Kufewetsa kumeneku kudali kwa kanthawi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, OMS, lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sidalinso ngozi ya dziko lonse, ndipo ku America nthawi ya ngozi ija idatha pa 11 Meyi 2023. Apa ndi pamene padabuka funso lenileni: tsopano bwanji?

Yankho lawo lili ndi mbali zitatu. Mbali yoyamba, oyendera adabwerera pamsewu, ndipo sukulu zimene zidayenderedwa pa kompyuta zidayenera kulandiranso mlendo wobwera ndi mapazi kudzatsimikiza. Izi boma la dzikolo lidaneneratu pamene linkalola kuyendera kwa patali. Mbali yachiwiri, mizati ya nyumba idasiyidwa momwe idalili: chaka chokhala pa sukulu, chaka choyeserera ntchito, maola 4 a malangizo pa sabata, ndi lamulo lakuti woyang'anira aone yekha wophunzira akugwira ntchito. Mbali yachitatu, kulangiza kwa patali sikudathetsedwe. Koma sukulu iliyonse yofuna kugwiritsa ntchito njirayi iyenera kukhala ndi ndondomeko yolembedwa yoyankha mafunso awa: chifukwa chiyani ikusankha njira imeneyi, ndi ophunzira ati amene akuyenera, woyang'anira ndi wophunzira adziwana bwanji poyamba, kukagwa zadzidzidzi woyang'anira apezeka bwanji, ndipo chinsinsi cha wodwala chisungidwa motani.

Malamulo a ku America ndi a ku America. Kumeneko wochiza amakhala ndi digiri ya udokotala, kuno ambiri amayamba ntchito ndi licenciatura ya zaka 4. Chofunika kutolapo ndi kaganizidwe kake. Adasiyanitsa zimene zingasinthe ndi zimene zikasintha nyumba igwa.

ZIMENE FONI INGATHE NDI ZIMENE SINGATHE

Mbiri ya Psicologia, mayina a matenda, kakulidwe ka mwana, kawerengedwe ka manambala a kafukufuku, zonsezi munthu angaphunzire pa foni ali ku Zóbuè kapena ku Dómuè, bola akhale wakhama. Koma ntchito ya psicólogo ili ndi mbali ina yofanana ndi ya mzamba. Palibe mayi amene angalole kuchiritsidwa ndi munthu amene adangowerenga za uchembere m'buku.

Tayerekezani mayi wafika pa chipatala akudandaula kuti mutu ukumuwawa ndipo mtima ukumuthamanga. Mankhwala a malungo wamwa, magazi ayezedwa, palibe chapezeka. Wophunzira wosazolowera amafulumira kupereka malangizo: musadandaule mayi, zonse zikhala bwino, muzipemphera. Wozolowera amakhala chete pang'ono. Amaona kuti mayiyo akuyang'ana pakhomo nthawi ndi nthawi, pamene mwamuna wake waima panja. Amaona kuti wadzifunditsa chitenje mpaka m'khosi kunja kukutentha. Amadikira, kenaka amafunsa modekha za kunyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere kumaphunziridwa pokhala pafupi ndi munthu wodziwa, amene pambuyo pake amakuitanira pambali n'kukuuza kuti apa unafulumira, apa unamudula mawu, apa unaopa kufunsa.

Funso loopsa kwambiri pa ntchitoyi ndi lofunsa munthu ngati akuganiza zodzipha. Ophunzira ambiri amaliopa, poganiza kuti akafunsa ndiye kuti amupatsa nzeru yoipa. Akatswiri adapeza kale kuti kufunsa mwaulemu sikuchititsa munthu kudzipha, ndipo kumatsegula njira yomuthandizira. Koma kudziwa zimenezi m'mutu n'kosiyana ndi kutulutsa mawuwo pamaso pa bambo wamkulu wa msinkhu wa atate ako. Wophunzira amene sadaonedwepo akufunsa funso limeneli angathe kumaliza sukulu, kuvala mkanjo wa chikondwerero, n'kugwira ntchito zaka zambiri akulilambalala.

Pano ndi pamene lamulo loti woyang'anira aone yekha limaonetsa nzeru zake. Wophunzira akamasimba pa foni zimene zidachitika m'chipinda, amasimba zimene iye adaona. Zimene sadaone sangasimbe, ndipo zimenezo ndizo woyang'anira akufuna. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Maphunziro onse amachitika pa Chipwitikizi, koma wodwala wa kumudzi amalira pa Chichewa, pa Chinyungwe kapena pa Chisena. Sanena kuti ali ndi depressão. Amati ndikuganiza kwambiri, mtima wanga suli m'malo, tulo sindikuona, thupi lonse lalefuka. Wina amati walodzedwa, wina amati mizimu ya makolo yakwiya, ndipo ambiri amakhala atadzera kale kwa sing'anga kapena kwa abusa. Wophunzira ayenera kudziwa kumva mawu amenewa popanda kuseka ndiponso popanda kukangana ndi wodwala, kenaka n'kupeza m'kati mwake matenda amene adawerenga m'buku. Kumasulira kotereku kulibe m'kabuku kalikonse kotumizidwa pa WhatsApp. Kumapezeka pa benchi ya chipatala.

Kuthandiza wodwala pa foni nakonso kuli ndi mbuna zake kuno kwathu. Foni kawirikawiri imakhala imodzi pa banja, ndipo imakhala m'thumba la bambo. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, apongozi ali pakhonde akumva zonse. Mtsikana amene akufuna kuulula za nkhanza angalankhule bwanji? Sukulu imene ikuphunzitsa ntchito ya pa foni iyenera kuphunzitsanso kufunsa poyambirira: muli nokha, foni ndi yanu, mukadula mwadzidzidzi ndiimbire ndani?

MBALI INAYO

Komabe wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Akatswiri oyenera kuyang'anira ophunzira ali m'mizinda ikuluikulu, ku Maputo, ku Beira, ku Nampula, ndi pang'ono ku Tete. Lamulo likanena kuti malangizo onse akhale a maso ndi maso, ndiye kuti wophunzira sadzatumizidwa konse ku Zumbo, ulendo wa makilomita mazanamazana, ndipo anthu a kumeneko adzapitiriza kudikira. Mwana wa mlimi amene sangakwanitse lendi ya mu mzinda adzatsekeredwa kunja. Maphunziro a patali atsegulira kale zitseko aphunzitsi a pulayimale ndi anamwino ambiri amene sakadatha kusiya ntchito ndi mabanja awo. Mliri udaonetsa kuti njirayi ingathandize kuposa mmene anthu ankaganizira.

Choncho kuletsa foni kukadakhala kutaya mphika chifukwa cha mwaye. Njira yanzeru ili pakati. Wophunzira ayambe estágio pa chipatala chimene pali katswiri womuona tsiku ndi tsiku. Akaonetsa kuti wagwira mutu wa ntchito, angapite kutali, foni n'kukhala chingwe chomulumikiza ndi womuyang'anira sabata iliyonse, pa tsiku ndi ola lodziwika. Woyang'anirayo afike pamalopo nthawi ndi nthawi. Pakhale munthu wina wa chipatala chomwecho, dokotala kapena técnico de psiquiatria, woti athamangiridwe kukagwa zadzidzidzi. Zonsezi zilembedwe, ndipo oyendera akabwera apemphe kuona kaundula wa maola ndi masaini, kenaka acheze ndi ophunzira paokha, aphunzitsi atatuluka.

Za amene adaphunzira m'zaka za 2020 ndi 2021, iwowa alibe mlandu. Sadaitane mliri, ndipo ambiri adalimbikira movutikira kuposa amene adawatsogolera. Masatifiketi awo ndi oona. Koma ngati estágio yawo idafupikitsidwa, mpata umenewo ulipobe ngakhale pepala silikuuonetsa. Mankhwala ake ndi osavuta: amene amawalemba ntchito, boma kapena mabungwe othandiza, awaike pansi pa katswiri wozolowera, aziwaona akugwira ntchito ndi kukambirana nawo za odwala ovuta. Psicólogo wachinyamata wopempha kuti mnzake wamkulu amuone akugwira ntchito ndi wofunika kumuyamika.

MAKOLO AFUNSE ASANALIPIRE

Nyengo ya matrícula ikafika, mabanja ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano amagulitsa mbatata ya kachewere, soya, fodya, ena ngakhale ng'ombe ya pangolo, kuti mwana akalowe yunivesite. Ndalama zimenezi zimatuluka zaka 4 zotsatizana. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo chikwangwani chokongola sichinena zonse.

Kholo kapena wophunzira ali ndi ufulu wofika ku secretaria n'kufunsa ngati maphunziro a Psicologia a pa sukulupo adavomerezedwa ndi CNAQ, chaka chiti, ndipo chivomerezocho chikutha liti. Apemphe kuona pepala lenilenilo. Ngati sukuluyo ili ndi nthambi m'zigawo zingapo, afunse ngati pepalalo likukhudza nthambi imene mwanayo akalowe. Ngati maphunziro ndi a patali, afunse ngati njira imeneyo ndiyo idavomerezedwa. Afunsenso kuti estágio imachitikira pa chipatala chiti, kwa miyezi ingati, woyang'anira ndani, ali ndi maphunziro otani, ndipo amayang'anira ophunzira angati nthawi imodzi. Funso lomaliza n'lakuti zimene zidafupikitsidwa nthawi ya mliri zidabwezeretsedwa kapena zidangokhala chizolowezi, popeza n'zotchipa kwa sukulu.

Sukulu yoyenda bwino imayankha mafunso otere mosavuta, mapepala ali m'manja. Imene ikuzengereza, kapena kunena kuti bwerani mawa a director kulibe, yapereka kale yankho.

Mliri wa Covid-19 sudzakhala womaliza. Kolera imabwerera nyengo ya mvula, anamondwe akubwera pafupipafupi, ndipo tsiku lina sukulu zidzatsekedwanso. Nthawi yabwino yogwirizana kuti ndi malamulo ati angafewetsedwe, kwa miyezi ingati, ndipo zotsalira zidzabwezedwa bwanji, ndi ino pamene zitseko zili zotsegula. Amene adzapindule ndi mayi uja wa chitenje cha m'khosi, amene sadziwa za CNAQ kapena za acreditação, koma akakhala pa mpando m'chipinda chotseka amakhulupirira kuti munthu ali patsogolo pakeyo adayesedwa.